Cyril Beaumont, Wogulitsa Mabuku Amene Adasunga Gule wa Ballet

Mumzinda wa London muli msewu wotchedwa Charing Cross Road umene udatchuka kuyambira kale chifukwa cha masitolo a mabuku. Pa nambala 75 ya msewu umenewu padali kasitolo kamene kadatsegulidwa m'chaka cha 1910 ndi kutsekedwa m'chaka cha 1965. Mwini wake, Cyril William Beaumont, adakhala m'kasitoloko zaka 55, ndipo m'zaka zimenezo adasanduka mmodzi mwa akatswiri a mbiri ya gule wa ballet odziŵika pa dziko lonse. Munthuyu sadavinepo pa nsanja, sadaphunzire ku yunivesite, ndiponso sadakhalepo ndi sukulu yakeyake ya zovina. Komabe aphunzitsi a ballet m'maiko ambiri akhala akuphunzitsa motsata buku limene iye adatulutsa m'chaka cha 1922.

Kuti nkhani yake imveke bwino nkofunika kuyamba ndi guleyo. Ballet ndi gule wa m'nyumba za zisudzo. Adayambira m'mabwalo a mafumu a ku Italy ndi ku France zaka zoposa 400 zapitazo, ndipo m'chaka cha 1661 mfumu Louis XIV ya ku France idakhazikitsa bungwe loyang'anira luso la kuvina. N'chifukwa chake maina a mavinidwe a ballet ali m'Chifalansa, ngakhale wovinayo akhale wa ku Russia kapena wa ku Japan. Ovina sayankhula ndipo sayimba. Nkhani yonse, kaya ndi ya chikondi kaya ndi ya imfa, amaifotokoza ndi thupi motsatira nyimbo za oimba zida. Chimene ambiri sadziŵa n'chakuti wovina ballet samaliza sukulu. Ngakhale atatchuka chotani, m'maŵa uliwonse amaima pamzere ndi anzake, dzanja limodzi litagwira mtengo wopingasa wokhomeredwa kukhoma, ndi kubwereza zoyambirira zomwe zija adaphunzira ali mwana, mphunzitsi akumudzudzula pamaso pa onse. Motero ophunzira enieni a mphunzitsi wamkulu wa ballet ndi anthu akuluakulu, ena a iwo odziŵika kuposa mphunzitsiyo. Luso limeneli linkayenda makamaka kuchokera m'thupi la mphunzitsi kupita m'thupi la wophunzira, ndipo mphunzitsi akamwalira, zambiri zinkapita naye kumanda.

Beaumont adabadwira ku Lambeth, mu London momwemo, pa 1 Novembala 1891. Bambo wake adali katswiri wa makina, ndipo cholinga cha pabanja chidali chakuti mnyamatayo adzakhale wofufuza za sayansi ya mankhwala. Koma mtima wake udali pa mabuku ndi zisudzo. Bamboyo ataona kuti mwana wake sangabwerere m'mbuyo, adamuthandiza kutsegula sitolo ija asanakwanitse zaka 20. Poyamba ankagulitsamo mabuku a ndakatulo ndi nthano, makamaka akale ndi osoŵa. Za gule sankazilabadira konse. Amene adamutembenuza ndi mtsikana wogwira ntchito m'sitolomo, Alice Beha, yemwe adamuumiriza kuti akaone wovina wa ku Russia, Anna Pavlova, amene m'chaka cha 1910 ankavina ndi Mikhail Mordkin ku Palace Theatre, pafupi ndi sitoloyo. Beaumont adapita, ndipo kuyambira pamenepo sadalekenso kupita. Mtsikanayo adadzamukwatira m'chaka cha 1914.

Zaka zimenezo zidali zopambana kwa okonda ballet. Gulu la Ballets Russes, lotsogozedwa ndi Serge Diaghilev, lidafika ku London koyamba m'chaka cha 1911, lili ndi ovina monga Vaslav Nijinsky ndi Tamara Karsavina. Beaumont adayamba kuonera gululi mobwerezabwereza, seŵero limodzi kangapo konse, ndipo pobwerera kunyumba ankalemba zimene waona: zovala, maonekedwe a nsanja, ndi mmene wovina aliyense adayendetsera thupi. Mwina apa ndi pamene maphunziro ake a sayansi adamuthandiza, pakuti ankalemba ngati munthu wofotokoza zimene zachitika m'chipinda choyesera mankhwala, wosawonjeza ndi wosachotsa. Diaghilev sankalola kuti gulu lake lijambulidwe pa kanema. Choncho zambiri zimene zikudziŵika za mmene magule amenewo ankaonekera zidachokera kwa anthu oŵerengeka amene adaonera ndi kulemba, ndipo pakati pawo Beaumont adali wosamala kwambiri. Pang'ono ndi pang'ono mabuku a zovina adayamba kudzaza mashelefu a sitolo yake, ndipo ovina enieniwo adayamba kumaloŵamo. M'chipinda chapansi adaikamo makina osindikizira a pamanja, ndipo kuyambira 1917 mpaka 1931 adasindikiza timabuku tokongola ta olemba ndakatulo monga Walter de la Mare, Edmund Blunden ndi D. H. Lawrence.

Ntchito yaikulu ya moyo wake idayamba pamene adakumana ndi nkhalamba ina ya ku Italy, Enrico Cecchetti. Mkuluyu adabadwira ku Rome m'chaka cha 1850, makolo ake onse aŵiri ali ovina. Adaphunzira kwa Giovanni Lepri, amene naye adaphunzira kwa Carlo Blasis, mphunzitsi wotchuka wa ku Milan. Cecchetti adafika ku St Petersburg m'chaka cha 1887, ndipo m'chaka cha 1890, pamene gule wa The Sleeping Beauty adaonetsedwa koyamba, iye adavina mbali ziŵiri zosiyana kotheratu: mfiti yoipa Carabosse, ndi mbalame yobiriŵira imene kulumpha kwake kumavutabe anyamata mpaka lero. Atakula adasanduka mphunzitsi. Pavlova adamutenga kukhala mphunzitsi wake wapadera atatchuka kale, ndipo Diaghilev adamulemba ntchito yophunzitsa gulu lake tsiku ndi tsiku. M'chaka cha 1918, ali ndi zaka 68, adatsegula sukulu ku London pamodzi ndi mkazi wake Giuseppina, mu Shaftesbury Avenue, kamtunda kochepa kuchokera ku sitolo ya Beaumont.

Kaphunzitsidwe ka Cecchetti kadali ndi dongosolo lokhwima. Tsiku lililonse la sabata, kuyambira Lolemba mpaka Loŵeruka, lidali ndi mtundu wake wa mavinidwe, kotero kuti pofika kumapeto kwa sabata palibe chiŵalo cha thupi chimene chasiyidwa ndipo palibe chimene chatopetsedwa koposa. Sabata ina ophunzira ankayambira mwendo wamanja, sabata yotsatira mwendo wamanzere, kuti mbali imodzi isalimbe kuposa inzake. Adali ndi malamulo a kaimidwe ka mikono, kapendekedwe ka mutu, ndi mbali zisanu ndi zitatu zimene thupi lingaloze pa nsanja. Mphunzitsi sankayenera kupeka phunziro latsopano m'maŵa uliwonse monga mwa kufuna kwake. Mkuluyu ankakhala pa mpando ndodo ili m'manja, akuimba mluzu ndi kugogoda pansi kuti ophunzira atsate, ndipo ankayankhula chiyankhulo chosakaniza Chitaliyana, Chifalansa ndi Chirasha. Zonsezi zidali m'mutu mwa munthu mmodzi woyandikira zaka 70.

Beaumont ataonera maphunziroŵa adazindikira msanga chimene chidali pafupi kutayika. Ophunzira a Cecchetti ankadziŵa zimenezi m'miyendo mwawo, koma aliyense ankakumbukira mwa njira yake, ndipo wovina akayamba kuphunzitsa amasunga zimene thupi lake linkakonda, zinazo n'kuziiŵala. Adapempha chilolezo cholemba dongosolo lonse. Womuthandiza adali Stanislas Idzikowski, wovina wa ku Poland wa m'gulu la Diaghilev, amene adaphunzira kwa Cecchetti. Idzikowski ankavina, Beaumont n'kumalemba, ndipo pambuyo pake Cecchetti mwini wake adathandiza kumaliza ndi kukonza ntchitoyo.

Mphunzitsi aliyense amene adayesapo kufotokoza ndi mawu okha mmene munthu amamangira mfundo pa chingwe angamvetse kuvuta kwa ntchito imeneyi. Kulumpha kumodzi kumene wovina amachita m'kuphethira kwa diso kuli ndi zigawo zambiri: pamene phazi layambira, mmene bondo lapindikira, nthaŵi imene mkono ukukwera, kumene maso aloza, ndi mmene chidendene chikufikira pansi. Wovina waluso kaŵirikaŵiri satha kunena zimene thupi lake likuchita, chifukwa adazizoloŵera kalekale. Apa kusadziŵa kuvina kwa Beaumont kudasanduka mwayi. Popeza palibe chimene chidali chodziŵikiratu kwa iye, ankafunsa chilichonse, n'kupempha kuti abwerezenso pang'onopang'ono, mpaka chiganizo chimene walemba chikhale chakuti munthu wina wakutali angachiŵerenge ndi kuchita zomwezo. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Njira zolembera gule ndi zizindikiro zimene zidafala pambuyo pake zidali zisanabwere: ya Rudolf Laban idatuluka m'chaka cha 1928, ndipo ya Rudolf ndi Joan Benesh m'zaka za m'ma 1950. Beaumont adagwiritsa ntchito mawu wamba a Chingerezi, maina a Chifalansa, ndi zithunzi zojambulidwa ndi Randolph Schwabe.

Bukulo lidatuluka m'chaka cha 1922 ndi dzina lalitali lakuti A Manual of the Theory and Practice of Classical Theatrical Dancing. Chaka chomwecho Beaumont adasonkhanitsa ophunzira ena a mkuluyo, monga Margaret Craske, Marie Rambert, Ninette de Valois ndi Derra de Moroda, ndi kukhazikitsa bungwe la Cecchetti Society, limene m'chaka cha 1924 lidaloŵa m'bungwe lalikulu la aphunzitsi a zovina lotchedwa Imperial Society of Teachers of Dancing. Adachita bwino kufulumira. Cecchetti adabwerera ku Italy m'chaka cha 1923, ndipo adamwalira ku Milan mu Novembala 1928 akadali pa ntchito yophunzitsa. Diaghilev adamwalira m'chaka cha 1929 gulu lake n'kubalalika, ndipo Pavlova adatsatira m'chaka cha 1931. M'zaka zitatu zokha onse atatu adali atapita. Zigawo za kulumpha ndi kuthamanga zimene sizidaloŵe mokwanira m'buku loyamba Beaumont adazilemba pamodzi ndi Craske m'buku lachiŵiri la 1930.

Wina angaganize kuti munthu wotanganidwa ndi malamulo a miyendo ndi mikono sangakhalenso ndi nthaŵi ya mbiri yakale. Kwa Beaumont ziŵirizi zidali ntchito imodzi. Ankaona kuti phunziro la m'maŵa la Cecchetti ndi mbiri yamoyo, yochokera kwa Lepri, kwa Blasis, ndi kwa aphunzitsi a ku France amene adaphunzitsa Blasis. Choncho adabwerera m'mbuyo kukafuna mabuku a aphunzitsi akalewo ndi kuŵamasulira m'Chingerezi. M'chaka cha 1925 adatulutsa Orchesography, buku la 1589 lolembedwa ndi wansembe wa ku Langres, Jehan Tabourot, amene adadzibisa pa dzina lakuti Thoinot Arbeau. M'bukumo nkhalamba ikuphunzitsa kuvina mnyamata wamkulu kale wotchedwa Capriol, wophunzira za malamulo amene wazindikira kuti maphunziro ake sakumuthandiza pa maso pa anthu ngati sadziŵa kuvina. Wopeka nyimbo Peter Warlock adatenga nyimbo za m'buku limeneli ndi kupanga Capriol Suite m'chaka cha 1926. M'chaka cha 1930 Beaumont adamasulira makalata a Jean-Georges Noverre a 1760, amene adalimbikitsa kuti ovina avule zophimba kumaso ndi zovala zolemera kuti nkhope ndi thupi zizifotokoza nkhani. Chaka chotsatira adamasulira buku la Pierre Rameau la 1725, ndipo m'chaka cha 1932 adasonkhanitsa zimene Théophile Gautier adalemba za ovina a ku Paris a nthaŵi yake. Ambiri mwa mabukuŵa ankasindikiza yekha ndi kugulitsa m'sitolo yake momwemo.

Buku lake lalikulu koposa ndi Complete Book of Ballets la 1937, lochindikala ngati Baibulo, lofotokoza magule a zaka za m'ma 1800 ndi za m'ma 1900 mmodzimmodzi: amene adapeka, amene adavina koyamba, tsiku ndi malo, nkhani yake, ndi mmene anthu adaulandirira. Koma buku limene likuonetsa bwino mtundu wa katswiri amene iye adali ndi The Ballet Called Giselle la 1944. Giselle ndi gule amene adaonetsedwa koyamba ku Paris pa 28 Juni 1841, Carlotta Grisi ndiye akuvina mbali ya mtsikana wa kumudzi amene amwalira atanyengedwa pa chikondi. Mbali yoyamba ya bukulo ndi ya wofufuza mbiri: kumene nkhaniyo idachokera, ntchito ya Gautier ndi ya wopeka nyimbo Adolphe Adam, ndi gawo la Jules Perrot, amene adakonza mavinidwe a Grisi koma dzina lake silidalembedwe pa ndondomeko ya tsikulo, pomwe padali la Jean Coralli lokha. Mbali inayo ndi ya m'chipinda chophunzirira: mavinidwe enieniwo, ndi zimene wovina mbali iliyonse ayenera kumvetsa. Munthu wodziŵa mapepala akale okha sakadalemba mbali yachiŵiriyo, ndipo wovina wamba sakadalemba yoyambayo. Buku lofanana nalo la Swan Lake lidatuluka m'chaka cha 1952.

Sitolo ija nayo idali ngati sukulu, ngakhale idalibe bolodi kapena belu. Chitsanzo chodziŵika ndi cha mnyamata wina wotchedwa William Cook, kalaliki wa pa msika wa nyama wa Smithfield, wobadwa m'chaka cha 1908. Mnyamatayu adakopeka ndi ballet atakula kale, pa msinkhu umene aphunzitsi ambiri akadamuuza kuti wachedwa, pakuti ovina amayamba ali ndi zaka pafupifupi khumi. Adapita kwa Beaumont kukafunsa nzeru, ndipo Beaumont sadamubweze. Adamutchulira aphunzitsi aŵiri a njira ya Cecchetti, Craske ndi Rambert. Mnyamatayo adayamba kuphunzira kwa Rambert m'chaka cha 1928, ali ndi zaka pafupifupi 20, akugwirabe ntchito ku msika m'mamaŵa ndi kupita kovina akaŵeruka. Ameneyu ndiye adadzatchuka ndi dzina lakuti Antony Tudor, wopeka magule monga Jardin aux Lilas wa 1936 ndi Dark Elegies wa 1937, amene pambuyo pake adakagwira ntchito ku New York. Frederick Ashton nayenso adayamba mochedwa chomwecho ndipo adadzera m'manja mwa Rambert yemweyo. Dongosolo lolembedwa bwino limathandiza kwambiri wophunzira wotere, chifukwa munthu wamkulu amafuna kudziŵa chifukwa chake cha chinthu asanachichite, ndipo alibe zaka khumi zongotsanzira.

Njirayo idafika kutali. Craske adasamukira ku America m'chaka cha 1946 ndi kuphunzitsa ku New York zaka zambiri. Dulcie Howes wa ku South Africa adaphunzira njira ya Cecchetti ku London, ndipo atabwerera kwawo adayambitsa sukulu ya ballet ya pa University of Cape Town m'chaka cha 1934. Ku sukulu imeneyi kudachokera Johaar Mosaval, mnyamata wa ku District Six, amene malamulo a tsankho adamutsekera njira kwawo koma adakakhala wovina wamkulu mu Royal Ballet ku London.

Sikuti zonse zidali zopanda banga. Chimene chalembedwa chimasungika, koma chimaumanso. Cecchetti ankaphunzitsa ovina okhwima, ndipo ankadziŵa nthaŵi yosintha lamulo lake poona thupi la wophunzira amene ali patsogolo pake. Buku silingathe kuchita zimenezo. Bungwe litakula lidakonza magawo a ana ndi mayeso ake, ndipo kulikonse kumene kuli mayeso kumapezeka aphunzitsi oloŵeza pamtima ophunzira kuti angokhoza, ngakhale kuvina kwenikweniko kusoŵe. Aphunzitsi a masamu ndi a mbiri amaudziŵa bwino msampha umenewu. Kalembedwe ka Beaumont nakonso kadali ndi malire ake. Kuyambira 1950 mpaka 1959 ankalemba za ballet m'nyuzi ya Sunday Times, ndipo mphamvu yake idali pa kufotokoza zimene zachitika osati pa kukumba tanthauzo lake. Mtima wake udatsalira pa magule a Diaghilev a unyamata wake ndi pa magule akale. Koma wofufuza mbiri wa lero amapindula ndi kuuma komweko. Olemba anzake ambiri adasiya maganizo awo okha, amene adatha ntchito pamodzi ndi nyuzi zimene adalembamo, pomwe Beaumont adasiya tsiku, dzina, chovala ndi mwendo umene wovina adayambira.

Kwa zaka zambiri adali mkonzi wa magazini ya bungwe la aphunzitsi lija, ndipo adakhalanso wapampando wake kuyambira 1958 mpaka 1970. Boma la France lidamupatsa ulemu wa Légion d'honneur m'chaka cha 1950, ndipo dziko lake lidamupatsa OBE m'chaka cha 1962. Atatseka sitolo m'chaka cha 1965 adapitiriza kulemba, ndipo m'chaka cha 1975 adatulutsa buku la zikumbutso zake, Bookseller at the Ballet, limene limafotokoza moyo wake mpaka chaka cha 1929 chokha, chaka chimene Diaghilev adamwalira. Beaumont adamwalira ku London pa 24 Meyi 1976 ali ndi zaka 84. Zambiri mwa zithunzi, makalata ndi mapepala amene adasonkhanitsa zidaperekedwa ku Victoria and Albert Museum. Buku lija la 1922 lidasindikizidwanso ku New York chaka chimodzi iye asanamwalire, zithunzi za Schwabe zili momwemo.